Wamakiyi wa M'gulu Lachiwiri

Nkhani iyi anandiuza ndi mkulu wina wojambula mizere pa mabwalo a tenisi, tili pabenchi kuchipatala, tonse tikudikira kupimidwa maso. Ndinamufunsa za utoto woyera umene unali m'zikhadabo zake, iye n'kundiyankha ndi nkhani ya Wamakiyi.

Wamakiyi ankadula makiyi m'kachipinda ka pansi pa masitepe, m'nyumba ina ya masitolo ambiri. Kachipindako kanali kongokwana mpando umodzi, makina odulira, ndi thabwa lokhomedwa misomali pomwe ankakoloweka makiyi osadula. Anthu ankabwera tsiku lonse, koma wokhalitsa panalibe. Kiyi amatha m'mphindi zitatu. Makina akamalira simungamvane, akangosiya kulira munthu watenga chake wapita. Kunyumba ankakhala yekha, pansanjika yachitatu, chipinda chimodzi ndi kakhitchini. Zaka zake zinali zitapitirira makumi asanu ndi limodzi.

Tsiku limene ankaliwerengera linali Loweruka. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri ankasewera tenisi ya awiriawiri pamodzi ndi mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, amene aliyense ankangomuti Wamanzere chifukwa cha dzanja lomwe ankagwirira laketi. Wamanzereyo anali wophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, munthu wamtali, wamiyendo ngati ya kakowa, pakamwa posatseka. Mafomu a ligi ankalemba ndi iye, mafoni ankaimba ndi iye, wokangana ngati mpira wagwera mkati kapena kunja analinso iye yemweyo. Wamakiyi ntchito yake inali imodzi: kuima pafupi ndi ukonde, mbali ya kumanja, n'kumadula mpira uliwonse wodutsa pamene dzanja lifika. Ndipo dzanjalo silinkaphonya. Mpira ukamudutsa pamwamba kapena kumanzere, ankangofuula kuti, "Wanu, alamu!" osacheuka n'komwe, kumbuyoko n'kumva nsapato zikukwecha. Kawiri konse awiriwa anatenga chikho cha Gulu Lachiwiri.

Tsiku lina Wamanzere anagwa m'bafa, mbali imodzi ya thupi n'kufa ziwalo. Atatuluka m'chipatala, mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga, iye ndi mkazi wake, kupita nawo kumzinda wakutali kumene ankagwira ntchito. Wamakiyi anawathandiza kunyamula mabokosi mpaka m'galimoto. Laketi ya Wamanzere inalowa m'bokosi limodzi ndi mapoto.

Miyezi iwiri Loweruka linkamupeza pawindo. Ankachapa, kusita, kusesa m'nyumba moyera kale, akayang'ana wotchi n'kupeza kuti ikadali teni koloko m'mawa. Kenako anatenga chikwama chake ulendo wa kukalabu ya tenisi.

Mlembi wa ligi anali mayi wina yemwe anapuma ntchito ya unamwino, koma mawu ake anali akadali a m'wodi. Anamuuza kuti a awiriawiri onse anagwirana kale, potsala ndi pa mndandanda wa osewera mmodzimmodzi. Anamupatsa fomu. Magulu anali atatu, ndipo munthu ankadzisankhira yekha gulu malinga ndi mmene akudzionera mphamvu.

Wamakiyi anachonga Gulu Lachiwiri osawerenga n'komwe mafunso ake.

"Bambo, tawerengani kaye apa," anatero Mlembi, chala chili pafomu. "Akufunsa ngati mumatha kuthamanga kuchoka paukonde kukafika kumzere wakumbuyo, n'kubweza mpira."

"Mayi, chikho chili m'kabati umo chili ndi dzina langa. Kawiri."

"Chili ndi mayina awiri."

"Langa lilipo kapena palibe?"

"Lilipo. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba Lachitatu."

"Kwa ophunzira? Kwa aja amagwira laketi ngati chiwaya?"

"Kulinso anthu amsinkhu wathu uno. Maondo safunsa za chikho."

Wamakiyi anasaina. Mlembi anapukusa mutu n'kumufotokozera malamulo ngati akumuuza kamwedwe ka mankhwala. Gulu lililonse lili ndi anthu khumi. Aliyense asewere ndi mnzake aliyense kamodzi miyezi itatu isanathe. Tsiku ndi nthawi muzipangana nokha pafoni, manambala ndi awa. Aliyense abwere ndi chitini chatsopano cha mipira. Mutsekule chimodzi, wopambana apite ndi chosatsekulacho, wogonja atenge mipira yothayo. Wofuna kusintha gulu asinthe kamodzi kokha, sabata yachisanu ndi chimodzi isanakwane.

Anatuluka ndi pepala la manambala asanu ndi anayi. Pamasitepe m'pamene anakumbukira kuti chiyambireni sanaimbirepo munthu foni kumupempha kuti asewere naye. Pepalalo linamulemera m'thumba ngati mwala.

Koma sanavutike. Lachiwiri masana foni inalira makina ali mkati modula, moti anaimva mochedwa. Anali dokotala wa mano, munthu wothamanga ndi nthawi, akufuna Loweruka eyiti koloko.

Anasewera mphindi makumi anayi zokha. Seti amawina ndi amene wayamba kufika magemu asanu ndi limodzi, ndipo Wamakiyi m'maseti awiri onsewo anapeza gemu imodzi. Akangoponya mpira woyamba, miyendo yake inkamutengera yokha kuukonde, kumanja, pamalo pake pakale. Wamano ankangoukankhira kumanzere, kapena kuukweza m'mwamba, mpira n'kukagwa kumbuyo kopanda munthu, kudumpha kawiri, n'kukagona m'munsi mwa waya.

"Mwasewera bwino, madala," anatero Wamano paukonde, chitini chosatsekula chili kale m'khwapa. "Pepani ndathamanga, wina akundidikira pampando."

Wamakiyi anadziuza kuti ndi dzimbiri chabe, miyezi iwiri si masewera.

Sabata yotsatira foni inalira katatu. Sabata inayo kanayi. Munthu amene foni yake inkatha masiku osalira anayamba kuiika pamwamba pa makina, galasi lake likuyang'ana kumwamba, kuti aziona ikayaka. Ikayaka ankazimitsa makina kiyi ali pakati, kasitomala ali chilili.

"Loweruka ndadzaza, achimwene," ankatero mokweza, kuti kasitomalayo amve. "Mwina Lachitatu madzulo ndikaweruka. Eya. Tandidikirani ndione."

Panalibe choti aone, koma ankatsekula kabuku n'kutembenuza masamba. Anagula zitini zisanu nthawi imodzi. Anakametetsa. Woyandikana naye sitolo, mayi wosoka makatani, anamufunsa ngati wapeza mkazi.

Masewerowo okha ndi amene sankasintha. Theka la ola, nthawi zina mphindi makumi anayi. Sikisi kwa ziro, sikisi kwa wani. Pamasewero achitatu, akulimbana ndi loya wina, mpira unamudutsa kumanzere ndipo mawu anangotuluka okha: "Wanu, alamu!" Loya anaima, kuyang'ana mbali yopanda munthuyo, kenako kuyang'ana zingwe za laketi yake. Palibe anaseka. Bwenzi zili bwino akanaseka.

Ndipo onse ankathamanga. Kugwirana chanza, "mwasewera bwino, madala," chitini m'chikwama, galimoto n'kulira. Iye ankatsala pabenchi thukuta lisanatuluke n'komwe, mipira itatu yotha ili pamiyendo, tsiku lonse lili patsogolo pake. Komabe Lolemba likafika foni inkalira, iye n'kuiwala.

Loweruka la sabata yachinayi, atagonja kachisanu, analowa m'chipinda chosinthira zovala n'kukhala kuseri kwa makabati kuvula nsapato. Munalowa anthu awiri. Mawu a Wamano anawazindikira. Winayo anali asanasewere naye.

"Wasewera naye kale Bonasi?" anafunsa Wamano.

"Ndani ameneyo?"

"Mdala wa makiyi uja. Iwe uli kuti? Mapointi aulere. Fulumira asanamutsitse, chifukwa akangotsika, amene tinasewera naye zathu zikhala, iwe wagwa nayo."

"Ndamva kuti paukonde ndi woopsa."

"Paukonde ndi lumo, usayerekeze. Ingoponyera kumanzere. Amadikira munthu amene anamwalira."

"Sanamwalire, anangodwala."

"Pabwalo n'chimodzimodzi. Ine ndinamaliza naye khofi wanga asanazizire."

Anaseka, madzi n'kuyamba kuthira m'bafa. Wamakiyi anakhala pomwepo, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja, mpaka awiriwo anasamba, kuvala, n'kutuluka. Foni yake inayaka m'chikwama. Anali mnzake wa Wamano uja, akuimba ali panja pomwepo poimika magalimoto. Anaisiya ilire mpaka inatopa.

Sanapite kunyumba. Kuseri kwa bwalo lomaliza kunali khoma lobiriwira lomenyapo mpira munthu ukakhala wekha. Anakaima pamenepo n'kuyamba kumenya. Khoma limabweza chilichonse, ndipo silithamangira kwina. Apa m'pamene mkulu wojambula mizere uja anamupeza, akukankha kangolo kake ka utoto.

"Akuluakulu, khomalo lalakwanji?"

Wamakiyi anagwira mpira. Awiriwa ankadziwana nkhope kwa zaka zonsezo, koma kupatula moni anali asanachezepo.

"Tandiuzani zoona, inu mumaona zonse pano," anatero Wamakiyi. "Ine ndi wa gulu liti?"

"Aa, ine za magulu sindizidziwa. Ine ndimadziwa mizere."

"Nenani za mizerezo."

Wamizere anakanda m'mutu ndi chala cha utoto. "Inu ndi alamu anu munkakonda bwalo lachitatu. Lolemba lililonse mzere wakumbuyo ndinkaupeza utafufutika kuchokera uku mpaka uko, ngati padutsa mbuzi. Nsapato zazikulu, nambala leveni. Zanu ndi seveni, eti? Seveni sindinaionepo kumbuyo kuja. Seveni inkakumba kadzenje kamodzi pafupi ndi ukonde, kumanja. Ndinkakwirira kawiri pachaka."

Wamakiyi anayang'ana nsapato zake.

"Sikuti ndikunyoza," anatero Wamizere. "Kadzenjeko kanali kaukhondo."

Lamulungu masana anaimbira mlongo wake. Anacheza pang'ono za mankhwala ndi za masitepe a nyumba ya mwana wawo, kenako mlongoyo anagwirizira foni pakhutu la mwamuna wake. Mawu a Wamanzere anali olemera tsopano, ngati akulankhula ali ndi mwala m'kamwa, ndipo liwu lililonse linkadikira linzake.

"Alamu. Akuti mwalowa ligi."

"Ndalowa."

"Gulu?"

"Lachiwiri."

Kunamveka phokoso loti sungadziwe ngati ndi chifuwa kapena phwete.

"Nanga kumanzere mwaikako ndani?"

"Palibe."

"Ikaniko mpando. Ungayeseko."

Wamakiyi anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anayang'ana pawindo, pa zovala za anthu ena zoyanikidwa pakhonde la nyumba yoyang'anizana nayo.

"Alamu, ndifunse. Zikho zija. Ankawina ndani?"



"Tonse," anatero Wamanzere. "Inu kudula. Ine kuthamanga." Anapuma. "Kungoti kuthamanga kunali kochulukirapo."

"Bwanji osandiuza?"

"Mukanasiya kubwera. Ndikanalongolola ndi ndani?"

Mlongo wake anatenga foni n'kunena kuti alamuwo atopa, akufunika kugona, aimbenso Lamulungu linalo.

Sabata imeneyo foni inalira kasanu. Anthu anayi otsala aja anali atamva kuti nthawi ikutha. Wamakiyi ankaiyang'ana ikuyaka pamwamba pa makina, ndipo mtima unkadumphabe ngati kale, ngakhale tsopano ankadziwa chimene akumufunira. Apa m'pamene panavuta. Akakhala m'Gulu Lachiwiri, foni izilira, dzina lake lizitchulidwa, Loweruka azikhala ndi kopita, ngakhale kwa theka la ola. Akatsika, ndiye kuti wavomera pamaso pa kalabu yonse kuti zaka makumi awiri anali kungoima. Kawiri anatsala pang'ono kuyankha. Kamodzi anayankhadi, n'kunena kuti bondo likumuvuta.

Lachisanu anatseka kachipinda kake nthawi ya nkhomaliro n'kupita kukalabu. Mlembi anali akukonza mapepala.

"Mayi, ndabwera ndi fomu ija."

"Simunabwere ndi fomu, mwabwera manjamanja. Khalani pansi." Anatulutsa ina m'dilowa. "Ulendo uno muwerenge."

Anawerenga funso lililonse, chala chikutsata mzere. Pa funso la kuthamanga kuchoka paukonde anachonga kuti ayi. Mlembi sananene kuti ndinakuuzani. Anangopita pabolodi ya mayina ndi zotsatira, kufufuta dzina lake ndi nsalu, n'kulilemba m'munsi mwenimweni, pansi pa Gulu Lachitatu. Kenako anamupatsa pepala latsopano la manambala.

"Koma ndikuchenjezeni. Kumeneku sakuimbirani."

"Chifukwa?"

"Ndi anthu amanyazi. Aliyense amaopa kuti atayitsa mnzake nthawi, ndiye aliyense amadikira mnzake. Chaka chatha theka la masewero awo silinaseweredwe. Komanso amva kuti mwachokera kumwamba, akuopani."

"Andiope ine?"

"Muli ndi zikho ziwiri, si paja? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Muimbe ndinu."

Mlembi sananame. Foni inangoti zii ngati yaponyedwa m'madzi. Loweruka loyamba linamupeza pawindo. Lolemba anaiika pamwamba pa makina monga mwa chizolowezi, tsiku lonse osayaka. Mayi wa makatani anasuzumira n'kufunsa ngati mkazi uja wathawa. Pepala la manambala linali m'dilowa, pansi pa matupa. Ankalitulutsa, kuliwongola ndi chikhatho, kuwerenga mayina, n'kulibwezera. Ankayeseza mawu ake makina akulira kuti asadzimve: "Pepani, ndine uja wa makiyi." Ayi. "Muli bwanji, ndapeza nambala yanu kwa Mlembi." Ayi, ngati wogulitsa inshuwalansi. Wamanzere ankangoti, "Iwe, Loweruka, usachedwe," n'kudula. Koma pamafunika pakamwa pa Wamanzere.

Loweruka lachiwiri linapitanso choncho.

Lachinayi la sabata yachitatu kunagwa mvula, ndipo makasitomala sanabwere. Cha m'ma fili koloko anatulutsa pepala lija n'kuimba nambala yoyamba asanadzipatse mpata woganiza. Inalira mpaka kuduka. Yachiwiri anayankha mayi wina amene anati wavulala chigongono, mwina mwezi wamawa. Anapukuta manja pathalauza n'kuimba yachitatu. Kunamveka phokoso la mathileyi achitsulo.

"Halo? Lankhulani mokweza, ndili pauvuni!"

"Ndine wa tenisi. Wa makiyi."

"Wa chiyani?"

"Wa ligi! Gulu Lachitatu! Ndimati mwina Loweruka, ngati muli ndi mpata."

Mathileyi anasiya kulira.

"Inu ndi aja a zikho?"

"Zikhozo zinali za awiri."

"Bambo, ine ndikuuzirenitu. Ndine wonenepa. Ndinayamba chaka chatha adokotala atandiopseza. Mpira ndimaumenya, koma kopita umasankha wokha. Mutaya nthawi yanu."

"Nthawi ndili nayo."

"Ndiye naini koloko. Buledi woyamba akatuluka ndimakhala mfulu. Chilembetsereni, ndinu woyamba kundiimbira."

Wabuledi anafika ndi ufa m'nsidze. Anali wamfupi, wamimba, ndipo ankatukwana mpira uliwonse ngati mwana wosamva. Kuthamanga sankatha, koma mipira yake inali yokwera, yochedwa, yogwera kumbuyo, osati mwa nzeru koma chifukwa ndi mmene inkachokera. Wamakiyi anakakamizika kubwerera kumzere wakumbuyo, ndipo popeza mipirayo inkabwera mwaulesi, ankaipeza. Kwa nthawi yoyamba anaona bwalo lonse kuchokera kumeneko, kutalika kwake ndi kufutukuka kwake, n'kudabwa kuti munthu mmodzi ankalikwanitsa bwanji.

Mpira umodzi unkatha kuwoloka ukonde kakhumi. Gemu ina inakana kutha mpaka onse anaiwala mawerengedwe n'kuyamba kukangana.

"Ndi sate fote, bambo!"

"Fote sate!"

"Inu a makiyi, musandibere masana dzuwa likuswa mtengo!"

"Ndani akuba? Uja unagwera kunja, ngakhale wakhungu anauona!"

Anagwirizana zoyambiranso gemuyo. Seti yoyamba anatenga Wabuledi, yachiwiri Wamakiyi. Yachitatu ili pakati, anthu ena anabwera kudzati nthawi yawo ya bwalo yakwana, chifukwa maola awiri anali atadutsa. Anatuluka osadziwa wopambana.

Anakhala pabenchi, wina uku wina uko, akupuma ngati mivukuto. Malaya a Wamakiyi anali atamatirira kumsana.  Kenako Wabuledi anayang'ana wotchi n'kudzuka mobuula, akuti mtanda wamasana ukumudikira.

"Ndiye pabolodi tilemba chiyani?" anafunsa Wamakiyi.

"Tilembenji, sitinamalize. Mundiimbire."

Anapita akutsimphina. Wamakiyi anatsala pabenchi yekha mpaka thukuta linauma, kenako anakwera basi kubwerera kuchipinda chake.

Wamizere anati mpaka lero awiriwo amasewera Loweruka lililonse. Nkhani itafika apa namwino anaitana dzina lake, ndipo sindinamuonenso.

Zoyambirirazo ndikuzikhulupirira, chifukwa anazinena mosakometsa. Koma za Wabuledi ndikukayika. Mkuluyo anali atandiuza yekha kuti atangocheza naye pakhoma paja maso anayamba kumuvuta, n'kusiya kupita kumabwalo Loweruka, ndiye masewero amenewo anawaona bwanji? Ndakumana nawo ambiri anthu okhala okha, ndipo oimba nambala yachitatu ziwiri zitakanika ndi ochepa. Ine ndikuganiza kuti Wamakiyi anatsikadi gulu, koma foniyo sanaimbe.